Kwacha (mawu)

Kwacha ndi mawu ochokera ku mneni -cha, wonena za kutha kwa usiku. Tanthauzo lake lakale lidakalipo: tambala akalira, mdima ukayamba kuyera, mayi amagogoda pachitseko n'kuuza ana kuti, "Dzukani, kunja kwacha."

M'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, mawuwa adalowa ndale. Dr Hastings Kamuzu Banda atabwerera kumudzi pa 6 July 1958, ankafuula pamisonkhano kuti "Kwacha!" ndipo khamu linkavomera chimodzimodzi. Usiku womwe ankanena unali ulamuliro wa atsamunda. Nawo a UNIP a Kenneth Kaunda, ku Northern Rhodesia, anali ndi mfuu yawo ya "Kwacha, ngwee!" Dzuwa lotuluka pambendera ya Malawi ya 1964 ndi ganizo lomweli. Boma la Bingu wa Mutharika lidaikapo dzuwa lathunthu mu 2010, koma mbendera yakale idabwerera mu 2012.

Kenaka mawuwa adasanduka dzina la ndalama. Zambia idayamba mu 1968, Malawi n'kutsatira mu 1971, ndipo konseku makwacha awiri ankalingana ndi paundi imodzi. Kwacha ya Zambia imagawidwa mu ngwee 100, ya Malawi mu matambala 100.

Apa ndi pomwe galamala yeniyeni idasuntha. Mu "kunja kwacha", kachigawo ka "kwa" kakugwirizana ndi malo, ndipo mawu onsewo ndi mneni wokwanira pawokha. Atakhala dzina, adapeza zambiri zake, makwacha, n'kuyamba kutenga mgwirizano wa "ya": kwacha yathu, kwacha yagwa. Munthu wa mu 1958 akadamva zoti kwacha yagwa akadadabwa, pakuti m'bandakucha sugwa. Koma mu November 2023, Reserve Bank of Malawi itachepetsa mphamvu ya ndalamayi ndi 44 peresenti, mawu omwewo ndiwo anali pakamwa m'maminibasi ndi m'misika, popanda woona chachilendo. Tambala naye adayenda njira yomweyo: wa m'khola ndi "tambala wakuda", wa m'thumba ndi "tambala imodzi", ngakhale kuti masiku ano sigula kanthu ndipo ana ambiri sadaigwirepo.

Pamalonda a tsiku ndi tsiku dzinali limasiyidwanso kumene. Wogulitsa tomato ukamufunsa mtengo wa mulu, amangoti "faifi handiredi", ndipo wogula amapisa m'thumba osafunsa kuti ya chiyani.