Chizindikiro, Cholakwika ndi Gwero: Mawu Ofufuzira Mavuto a Galimoto Zapamwamba m'Chigwa cha Domasi

Msewu wa M3 wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde umadutsa m'chigwa cha Domasi, m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo pakati pa maminibasi, malole ndi njinga zamoto za kabaza pamadutsanso galimoto zikuluzikulu zazitali, zokoka ndi matayala onse anayi, zomwe zimatchedwa SUV. Zapamwamba mwa izo ndi monga Range Rover Sport, BMW X5, Land Cruiser V8 ndiponso, mwa apo ndi apo, Porsche Cayenne. Zambiri zimafika m'Malawi zitayenda kale zaka zingapo ku Japan, ku United Kingdom kapena ku South Africa, ndipo zochokera kutsidya kwa nyanja zimatsikira pa madoko a Dar es Salaam, Beira kapena Durban zisanalowe m'dziko kudzera pa Songwe, Dedza kapena Mwanza. Mtengo wogulira galimoto yotere umatsika ikamakalamba, koma mtengo woikonzera sutsika nawo, ndipo n'chifukwa chake mawu amene mwini galimoto ndi makaniko amagwiritsa ntchito pofotokozerana vuto ali nkhani ya ndalama zambiri.

Ntchito yofufuza vuto imadalira kusiyanitsa zinthu zitatu zomwe m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku zimasakanizidwa. Chizindikiro ndi chimene woyendetsa amaona, amamva kapena amanunkhiza, monga utsi, phokoso kapena nyali yoyaka pa dashibodi. Cholakwika ndi chipangizo kapena dongosolo limene lasiya kugwira ntchito yake. Pomwe gwero ndi chimene chachititsa kuti chipangizocho chiwonongeke. Kusiyana kwake n'kofanana ndi kumene dokotala amaona pakati pa kutentha kwa thupi ndi malungo: thupi limatentha pa zifukwa zambiri, choncho magazi amayezedwa mankhwala asanaperekedwe. Makaniko amene wasintha chipangizo chowonongeka osapeza gwero amakhala atangoikiratu tsiku loti galimotoyo idzabwerenso pagalaja.

Mawu ambiri a pagalaja amatchula zizindikiro, ndipo ndi mawu akuthwa kuposa mmene anthu ophunzira amaganizira. Akati injini “ikumisa” amatanthauza kuti silinda imodzi kapena zingapo sizikuwotcha mafuta pa nthawi yake, kotero kuti injini imanjenjemera ndi kutaya mphamvu. Silinda ndi chibowo chimene pisitoni imakwera ndi kutsikamo, ndipo injini ya V8 ili nazo zisanu ndi zitatu zoikidwa m'mizere iwiri. Kumisa kungachokere ku pulagi yotha, ku koyilo yopereka moto ku pulagiyo, ku injekita yopemerera mafuta, kapena ku silinda yomwe yaleka kupanikiza mpweya, ndipo njira yotsika mtengo yozisiyanitsira ndiyo kusinthanitsa koyilo ya silinda yokayikitsayo ndi ya silinda ina n'kuona ngati vutolo lasamuka nayo. Mawu akuti galimoto “sikukoka” ndi otakata kwambiri, pakuti amakhudza mafuta, mpweya, giyabokosi ngakhalenso mabuleki ogwira okha. Utsi nawo uli ndi tanthauzo lake lodziwika: wabuluu umasonyeza kuti injini ikudya oyilo, wakuda umasonyeza mafuta ochuluka kuposa mpweya, ndipo woyera wosaleka injini itatentha kale umasonyeza kuti madzi oziziritsa akulowa m'silinda, kawirikawiri kudzera pa gasiketi ya pamutu pa injini.

Liwu lofunika kulisamala kwambiri ndi lakuti “kunoka”, chifukwa limanyamula zinthu ziwiri zosiyana. Pagalaja, akanena kuti injini yanoka amatanthauza kuti mabering'i a mkati atha chifukwa cha kusowa kwa oyilo, ndipo kugogoda kwake n'kolemera, kotsatira liwiro la injini, komwe mathero ake ndi kuphwasula injini yonse. M'mabuku a umakaniko liwu lomwelo limatchulanso kaphokoso kosongoka kamene kamamveka petulo akaphulika mosalongosoka m'silinda, makamaka pokwera mtunda, ndipo injini zamakono zili ndi sensa yomvera kaphokosoko kuti kompyuta ichedwetse moto. Kunoka koyamba kumafuna injini ina kapena ntchito ya masabata. Kwachiwiri nthawi zambiri kumatha ndi mafuta oyenera, mapulagi oyenera ndi kuchotsa mwaye. Mwini galimoto amene sanafunse kuti ndi kunoka kuti angavomere ntchito yaikulu yomwe sinafunike.

Kupatula mawu a pagalajawa, chilankhulo chachiwiri ndi cha makina, chimene anthu amachitchula kuti “kuika galimoto pa kompyuta”. Dongosolo lake lotchedwa OBD-II linakhala lamulo ku United States mu 1996, ndipo ku Ulaya lofanana nalo linayamba pa galimoto za petulo mu 2001 ndi za dizilo mu 2004, kotero kuti pafupifupi galimoto iliyonse ya mtundu umenewu ili ndi soketi ya mabowo 16 pafupi ndi chiwongolero pomwe makina ofufuzira amalumikizidwa. Makinawo amawerenga makodi, omwe ndi chilembo chimodzi chotsatiridwa ndi zizindikiro zinayi: P amaimira injini ndi giyabokosi, C amaimira za pansi monga mabuleki ndi sasipenshoni, B amaimira za m'thupi la galimoto, ndipo U amaimira kulumikizana kwa makompyuta. Chomwe chimasocheretsa ambiri n'chakuti kodi imanena muyeso umene wapitirira malire, osati chipangizo choyenera kugulidwa. Kodi P0171, mwachitsanzo, imanena kuti mzere woyamba wa masilinda ukulandira mpweya wochuluka poyerekeza ndi mafuta, pamene muyeso woyenera wa petulo wosasakaniza ndi pafupifupi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta potengera kulemera. Uthengawo umachokera ku sensa ya mu ekizozi, koma sensayo yangonena zoona. Wolakwa angakhale paipi ya labala yong'ambika, sensa yoyeza mpweya yomwe yakutidwa ndi fumbi la mwezi wa Okutobala, fyuluta yotsekeka kapena pampu ya mafuta yofooka. Kufufuta kodi kumazimitsa nyali ya pa dashibodi kwa masiku ochepa, ndipo kumataya miyeso imene kompyuta inasunga pa mphindi yomwe vutolo linachitika, yomwe ndiyo inali umboni wabwino koposa.

Makompyuta a m'galimoto zimenezi ndi ambiri, ndipo amatumizirana mauthenga pa mawaya awiri opotana a dongosolo lotchedwa CAN, limene kampani ya Bosch inalengeza mu 1986. Chotsatira chake n'chakuti vuto limodzi la magetsi limatha kuyatsa nyali zambiri nthawi imodzi, za mabuleki, za giya ndi za sasipenshoni, mwini galimoto n'kuganiza kuti zonse zawonongeka. Batire yabwino imasonyeza mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndi pafupifupi 14 injini ikulira, choncho kufufuza kwanzeru kumayambira pa batire, pa mawaya a ethi ndi pa mapulagi a mawaya amene achita dzimbiri. M'chigwa chomwe mitsinje yochokera kuphiri imasefukira m'dzinja, monga zinachitikira m'chigawo chakummwera pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, madzi olowa pansi pa kapeti ndiwo mdani wamkulu wa mawaya, ndipo makoswe a m'nyengo yokolola amatsatira pambuyo pake.

Sasipenshoni ya mpweya ndi gawo limene limasiyanitsa kwambiri galimotozi ndi zimene amakaniko ambiri anaphunzirirapo. M'malo mwa masipuling'i achitsulo, galimoto imakhala pa matumba a labala odzazidwa mpweya ndi kompuresa, ndipo masensa oyeza kutalika amauza kompyuta kuti ikweze kapena kutsitsa ngodya iliyonse. Misewu yafumbi yopatuka pa Songani ndi pa Domasi, yokwera kumtunda kwa chigwa kapena yotsikira ku minda ya mpunga ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa, imalowetsa mchenga m'mapindo a labalayo mpaka itabooka timabowo tosaoneka ndi maso. Chizindikiro chake ndi galimoto yopezeka m'mawa itagwada ngodya imodzi. Makaniko wodziwa amasungunula sopo m'botolo la madzi, n'kuwaza pa thumba ndi pa malumikizidwe a mapaipi, n'kudikira mwakachetechete mpaka thovu litayamba kutukumuka pamalo pomwe mpweya ukuthawira. Apa kusiyana kwa cholakwika ndi gwero kumaonekera bwino, pakuti kompuresa imapsa chifukwa chopopa kosalekeza m'thumba lobooka, ndipo yatsopano ikaikidwa thumbalo lisanasinthidwe nayonso imapsa.

Mphamvu ya injini zambiri za galimotozi imachokera kwambiri ku turbo, yomwe imazunguzidwa ndi utsi wotuluka, kapena ku supercharger, yomwe imazunguzidwa ndi lamba, ndipo zonse ziwiri zimakankhira mpweya wochuluka m'masilinda, zimene zimawonjezeranso kutentha. Galimoto yomwe imayenda bwino pa M3 ingayambe kuwira pa msewu wokhotakhota wokwera ku Ku Chawe, chifukwa mtunda umaulula redieta yotsekeka, fani yofooka kapena paipi yodontha. Cayenne zoyamba za injini ya V8 zimadziwika ndi mapaipi a pulasitiki a madzi oziziritsa obisika pakati pa mizere iwiri ya masilinda, amene amasweka akakalamba ndipo amasinthidwa ndi a aluminiyamu. Chizolowezi chofala chochotsa themositati, yomwe ndi valavu yosunga injini pa kutentha koyenera, n'cholakwika ngakhale chimaoneka ngati chathandiza, chifukwa chimabisa chizindikiro ndi kusokoneza kompyuta. Chimodzimodzinso kuthira madzi a pamjigo m'malo mwa madzi a mankhwala oteteza aluminiyamu ku dzimbiri.

Mafuta nawo ali ndi mawu ake. Petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa osayenda. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, anthu amagula a m'zigubu, omwe angakhale ndi madzi, fumbi kapena palafini, pamene injini za dizilo zamakono zimapanikiza mafuta kufika pa mabar 1,600 kapena kuposerapo kudzera m'timabowo ta injekita tochepetsetsa. Zambiri zochokera ku Ulaya zilinso ndi DPF, fyuluta yogwira mwaye mu ekizozi, yomwe imadziyeretsa yokha powotcha mwayewo pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 600, zimene zimafuna ulendo wautali wosaimaima ngati wopita ku Liwonde kapena ku Blantyre. Ikatsekeka, kompyuta imachepetsa dala mphamvu ya injini ndipo nthawi zina imagwira giya imodzi kuti iteteze makina, ndipo woyendetsa wosadziwa amafika pagalaja akunena kuti giyabokosi yafa.

Masipeya a galimoto zimenezi sapezeka pa Songani. Amafunidwa ku Limbe ndi ku Ndirande, ndipo ambiri amachita kuitanitsidwa ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja ndi ndalama zakunja, zomwe zinakwera mtengo kwambiri kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pa chifukwa chimenechi, kukonza mongoyesa, kusintha chipangizo chimodzi n'kudikira kuona ngati vuto latha, ndi njira imene eni galimoto a m'chigwachi sangaikwanitse, ndipo ndalama yolipira makaniko pa tsiku limene wangoyeza osamasula kanthu ndi yochepa poyerekeza ndi sipeya imodzi yogulidwa molakwika. Sukulu zophunzitsa ntchito zamanja monga Nasawa Technical College ya m'boma lomweli la Zomba, pamodzi ndi bungwe la TEVETA, zingathandize kwambiri pophunzitsa achinyamata kuwerenga miyeso ya kompyuta popanda kunyoza khutu la makaniko wakale. Mwini galimoto nayenso, asanapereke ndalama ya sipeya iliyonse, ayenera kufunsa kuti chayezedwa n'chiyani, muyeso wake wapezeka wotani, ndipo chawononga chipangizocho n'chiyani.