Mawu a mu pulogalamu asamasiyidwe opanda malire

Pali chizolowezi choipa chimene chazika mizu pakati pa olemba mapulogalamu a pakompyuta: chilichonse amangochitcha string, ngakhale akudziwa bwino kuti mawu oyenera kulowa pamenepo ndi atatu okha.

Tiyerekeze pulogalamu ya m'sitolo yosunga ngongole za makasitomala. Ngongole imakhala "yalipidwa", "sinalipidwe" kapena "yakhululukidwa", basi. Koma mukalemba kuti malo amenewo ndi string, mwauza kompyuta kuti izilandira mawu aliwonse. Tsiku lina mnzanu adzalemba "yalipilidwa", wina adzayamba ndi chilembo chachikulu, ndipo makina adzangomeza osadandaula. Wodzadandaula ndi kasitomala amene akulonjereredwa ndalama zoti adapereka kale.

Chondiwawa n'chakuti mankhwala ake alipo kuyambira kale. Pascal, chinenero chimene Niklaus Wirth adatulutsa mu 1970, chinali kale ndi njira yondandalika zinthu zololedwa. Java idalandira njira yotereyi, yotchedwa enum, mu 2004, Python mu 2014. TypeScript ya Microsoft idafewetsa zinthu kwambiri: kuyambira mu 2016 mumangolemba mawu atatuwo motsatizana, n'kuwalekanitsa ndi kamzere koimirira, ndipo compiler imakana mawu ena alionse pulogalamu isanayambe n'komwe kugwira ntchito. Python nayo idabweretsa njira yofanana ndi imeneyi, yotchedwa Literal, mu 2019.

Ena amati zimenezi n'zotayitsa nthawi. Ayi ndithu. Mzere umodzi umenewo umauza aliyense wobwera pambuyo panu zimene malowo amalola, popanda kufufuza m'mafayilo onse. Sindikunena kuti mawu onse amangidwe. Dzina la munthu kapena la mudzi likhalebe string, chifukwa mayina sawerengeka.

Komabe chenjerani, malire amenewa sagwira paliponse. TypeScript ikasandutsidwa JavaScript, malire onse aja amafufutika. Python payokha silabadira Literal. Pamafunika chida ngati mypy kuti chikuunikireni. Choncho mawu ochokera kunja, kaya pa fomu ya pa intaneti kaya mu database, ayenera kusecheredwa pakhomo pomwe asanalowe, apo ayi mpanda wanu uli ndi chibowo.

Inu amene mukuphunzitsa achinyamata ntchitoyi, musamalandire pulogalamu yomwe yasiya string pamalo pofunika mndandanda. Ibwezeni akaikonze.