Mvera Inakula Kapena Inangofutukuka?

Anzanga, amene munalemba MSCE mukukumbukira phunziro lija la fizikisi lonena kuti chitsulo chikatenthedwa chimafutukuka. Malata a nyumba amalira "thethe" masana a mu Okutobala chifukwa cha zimenezi, ndipo amisiri oyala njanji amasiya kampata pakati pa zitsulo kuti dzuwa likaswa mtengo zisapindike. Koma aphunzitsi ankatsindika mfundo imodzi imene ambiri tinkangoiloweza: chitsulocho chimatalika, koma kulemera kwake sikusintha. Palibe chawonjezeka, tinthu tam'kati mwake tangotalikirana basi.

Ndikufuna tiyese mbiri ya kwathu kuno ndi mfundo imeneyi, chifukwa pa Chichewa timangoti "kukula" pa zinthu zosiyana kwambiri.

Pa 28 Novembala 1889, abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anakhazikitsa mishoni pa Mvera, m'dziko la Inkosi Chiwere. Apa ndiye panali poyambira. Taonani mmene zinayendera: Kongwe mu 1894, Nkhoma mu 1896, Mlanda mu 1902, Mphunzi mu 1903, kenako Malingunde, Chinthembwe ku Ntchisi, mpaka Mchinji. Mishoni iliyonse inkabereka masukulu a m'midzi, ndipo amene ankayenda wapansi mapiri onsewa kukaphunzitsa a, e, i, o, u sanali azungu ayi, anali aphunzitsi ndi alaliki akuda. Mayina awo ambiri sitiwamva, zomwe ine zimandiwawa ndithu. Anthu athu atayamba kupita kukagwira ntchito ku Salisbury, imene lero ndi Harare, mpingo unawatsatira komweko, ndipo Vlok yemwe uja anakatumikira kumeneko.

Chachikulu koposa chinachitikira pa phiri la Kaso. Kumeneko William Murray ndi anzake, pamodzi ndi Amalawi odziwa chiyankhulo, anakhala zaka akumasulira Baibulo, ndipo Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Ganizirani bwino apa. Makina osindikizira anali tekinoloje ya nthawi imeneyo, ngati momwe ilili intaneti kwa ife. Buku limodzi lija linafika ku Chipata, ku Tete, kumigodi ya ku Johannesburg, ndipo linathandiza kuti kalembedwe ka Chichewa kakhazikike. Chichewa chimene mukuwerenga pa foni panopa chili ndi ngongole ku Kaso. Uku ine ndimati kukula kwenikweni, chifukwa aliyense wophunzira kuwerenga sankalanda kanthu kwa mnzake, ankangowonjezera.

Nanga Mvera mwini wake? Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatsala pang'ono kuyamba, likulu la mishoni linasamukira ku Nkhoma. Chipatala chachikulu, sukulu ya abusa, malo osindikizira mabuku, zonsezi zinakulira kumeneko. Mu 1926 mpingowu unalowa mu CCAP, ndipo lero sinodi yonse imadziwika ndi dzina la Nkhoma, osati Mvera. Mayi anabereka, mwana ndiye anatenga dzina. Sindikunena kuti panali chiwembu, koma muone kuti chinthu chimatha kufalikira dziko lonse pamene malo amene chinabadwira akutsalira m'mbuyo.

Pa zachuma ndiye pamene mawuwa amatipusitsa kwambiri. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Anthu tachuluka kanayi, koma mapiri a Dowa ndi omwe aja, minda ikungogawidwagawidwa, ndipo agogo anu akuuzani kuti mitengo inali pati. Ku Dzaleka, m'boma lathu lomweli, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 uli ndi anthu oposa 50,000, ochuluka kangapo kuposa amene malowo anakonzedwera. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mlimi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa Lilongwe ndi Salima akugwira ndalama zambiri kuposa kale, zoona, koma akafika pa thumba la feteleza amabwerera chimanjamanja. Ichi ndi chitsulo chija: manambala atalika, kulemera n'komwe kuja.

Tsono anthu akamabwera pa msonkhano n'kumati "dera lino likukula", inuyo muziwafunsa kuti chawonjezeka n'chiyani. Netiweki yafika, inde, Airtel Money ndi Mpamba zatichotsera ulendo wa kubanki ku Salima kapena ku Lilongwe, ndipo zimenezi sindizipeputsa. Koma kodi ndalama zodutsa m'mafonimo zikutsala pa Mvera, kapena zikungodutsa ngati malole a pamsewu? Achinyamata angati a kalasi yanu akadali kuno, angati ali ku Area 25 kapena ku Joni?

Ine ndikupempha kuti kalabu yathu ikonze tsiku, tikwere phiri la Kaso tonse, titengenso makope. Pobwerera tidzere kwa akuluakulu a m'midzi yozungulira, atiuze mayina a aphunzitsi oyamba aja amene akuwakumbukira, tiwalembe patsamba lino mwezi wamawa.