Anthu Odutsa: Mbiri ya Chipata cha Mwanza

Kalekale, Mwanza asanakhale malire, dziko lonse kuchokera ku mapiri a kumadzulo kwa Shire mpaka kutsikira ku Zambezi linali la anthu amodzi. Amaravi ndiwo ankalamulira: Kalonga chakunyanja, Lundu kuchigwa cha Shire, ndi Undi kumpoto kwa Tete, kumene kunali likulu lake la Maano. Munthu wa ku Mwanza akalunjika cha ku Zobue sankati akutuluka m'dziko. Ankangoti akukazonda akuchikazi, kapena akukafuna makasu. Komabe mlendo wochokera kutali sankangodziyendera mwaulere. Amalonda a minyanga, nsalu ndi mikanda ankatula katundu pabwalo la mfumu, kupereka mphatso, n'kudikira mawu oti njira yatseguka. Apwitikizi, amene anakhazikika ku Tete m'zaka za m'ma 1530, anaudziwa bwino mwambo umenewu. Francisco de Lacerda atanyamuka ku Tete mu 1798 kupita kwa mfumu Kazembe, komanso Monteiro ndi Gamitto atatsata njira yomweyo mu 1831, nsalu zambiri zinkathera kwa mafumu a m'njira. Mfumu inkafuna kudziwa zinthu zitatu: ndiwe yani, wanyamula chiyani, ndipo ukukhala kapena ukungodutsa.

Malire enieni anabwera ndi mkangano wa azungu okhaokha. Mu January 1890 boma la Britain linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake m'dera la Shire, ndipo pa 11 June 1891 maiko awiriwa anasainirana pangano logawana dziko. Kumadzulo kuno anagwirizana kuti mzere utsate msana wa mapiri: kumene madzi amatsetserekera ku Shire ndi kunyanja kukhale kwa Angerezi, kumene amatsetserekera ku Zambezi kukhale kwa Apwitikizi. Mvula ndiyo inagamula mlanduwo, eni nthaka osafunsidwa. N'chifukwa chake mpaka lero pa msewu wa ku Ntcheu ndi Dedza munthu akhoza kugula kabichi ku Mozambique, galimoto yake itaima m'Malawi.

M'pangano lomwelo munali nkhani ina imene ambiri saikumbukira, koma ndiyo muzu wa zonse zochitika pa Mwanza. Dziko latsopano la Angerezili linalibe doko. Chilichonse chochokera ku Ulaya chinkayenera kuponda kaye nthaka ya Apwitikizi. Motero anamvana kuti katundu wongodutsa asalipitsidwe msonkho woposa 3 pa 100 iliyonse kwa zaka 25, ndipo Angerezi anabwerekedwa kamalo ku Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere. Sitima zazikulu zinkatsitsa anthu ndi katundu pamenepo, n'kuwakweza m'sitima zing'onozing'ono zokwera ndi mtsinje. M'kati mwa mpanda wa kamaloko katundu sankawerengedwa kuti walowa m'dziko la Apwitikizi, ngakhale anali atakhala pamchenga wawo. Msonkho ankakalipira atafika ku Chiromo kapena ku Port Herald, komwe ndi Nsanje lero, kwa akasitomu a boma la Angerezi la Harry Johnston. Aliyense amene anakhalapo maola angapo m'chipinda chodikirira ndege ku Addis Ababa, ali mu Ethiopia koma osawerengedwa kuti walowamo, anakhala mu Chinde wa masiku ano. Chinde weniweniyo anaphwasulidwa ndi namondwe mu 1922, chaka chomwe njanji yochokera ku Beira inafika pa Zambezi, ndipo mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935 nthawi ya sitima za pamtsinje inatheratu.

Pamene katundu ankayenda ndi madzi ndi njanji, anthu ankayenda ndi miyendo, ndipo apa m'pamene dzina la Mwanza linayamba kumveka. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndalamazo zinali ku minda ya azungu ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni. Njira yachidule yochokera ku Blantyre inali ya Mwanza, Zobue, Tete, kuwoloka Zambezi pa bwato kapena pa pantoni, kenako Changara ndi Mutoko mpaka Salisbury. Ena ankalembedwa ndi bungwe lolemba antchito la Wenela, ena ndi la Mthandizi, koma ambiri ankapita pa selufu, atamanga ufa ndi kampoto pamutu, akuyenda m'magulu poopa zilombo ndi achifwamba. Chiphaso cha masiku amenewo chinali chitupa, chosonyeza dzina, mudzi, mfumu ndi boma la kwawo. Anthu anachoka ambiri mpaka boma la atsamunda linakhazikitsa komiti yofufuza mu 1935, ndipo mu 1936 maboma a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri anasainirana pangano ku Salisbury lokhudza kayendedwe ka antchito. Amene sanabwerenso, amene timati matchona, ambiri anaona dziko lawo komaliza ali pa zitunda za Mwanza.

Kunja nako zinthu zinkasintha. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, maiko anakumana ku Paris mu 1920 n'kugwirizana kuti pasipoti ikhale kabuku ka maonekedwe ofanana, kokhala ndi chithunzi cha mwiniwake. Mu 1944 anakumananso ku Chicago kukonza malamulo a ndege zodutsa m'maiko, ndipo m'menemo munabadwa bungwe la ICAO, limene mpaka lero limaika miyezo ya mapasipoti ndi ya kasamalidwe ka apaulendo pa mabwalo a ndege. Koma Amalawi oyamba kuzolowera ulendo wa ndege wosinthira panjira sanali nduna kapena ophunzira. Anali anyamata a ku migodi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 Wenela inkawanyamula pa ndege zake kukawatsitsa ku Francistown, m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda yopita ku Johannesburg. Mapepala onse ankayenda ndi kampani; munthu ankangowerengedwa pamzere. Njirayi inaduka pa 4 April 1974, pamene ndege ya Wenela yobwera ku Malawi inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Dr. Banda analetsa kulemba anthu. Kulembako kunayambiranso mu 1977, chiwerengero chitachepa, n'kudzatheratu mu 1988.

Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, inali ndi chodabwitsa chake. Blantyre ndi Salisbury inali mizinda ya boma limodzi, kasitomu imodzi, imigireshoni imodzi, koma woyenda pamsewu ankatulukabe pa Mwanza, kudutsa dziko la eni, n'kukalowanso "kwawo" kutsidya. Ufulu utabwera pa 6 July 1964, Mwanza anakhala chipata cha dziko loima palokha, ndi mbendera yake ndi chidindo chake.

Zaka zotsatira zinali zowawa, ndipo zimafunika kuzinena mwadongosolo. Mu 1968 Frelimo inatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete, ndipo msewu unayamba kuopsa ndi mabomba okwirira. Mlatho waukulu wa pa Tete, umene pambuyo pake unatchedwa dzina la Samora Machel, unatha kumangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pantoni n'kupuma. Mozambique inalandira ufulu pa 25 June 1975, ndipo mu March 1976 Machel anatseka malire ake ndi Rhodesia. Njira ya ku Halale inafa mpaka Zimbabwe itabadwa mu 1980. Sipanapite nthawi, nkhondo ya Renamo inadula njanji ya ku Beira, kenako ya ku Nacala pofika 1984. Mafuta, feteleza, fodya ndi tiyi zonse zinatembenukira pamsewu. Mathiraki ankasonkhana pa Zobue kapena pa Nyamapanda kudikira asilikali a Zimbabwe kuti awaperekeze pa mdipiti, ndipo dalaivala wotsalira m'mbuyo chifukwa cha tayala ankadziwa kuti watsala yekha ndi Mulungu wake. Njira ikatsekeka, katundu ankazungulira ku Chirundu ndi Lusaka, kulowera ku Mchinji, ndipo mtengo wake unkamveka m'thumba la aliyense wogula sopo. M'zaka zomwezo anthu ambirimbiri analowa m'Malawi popanda chiphaso chilichonse, atabereka ana kumbuyo. Othawa nkhondo anapitirira 1 miliyoni m'dziko lonse, ndipo m'boma la Mwanza, limene nthawi imeneyo linkaphatikiza Neno, munali misasa monga Chifunga ndi Luwani. Ambiri analandiridwa ndi abale awo enieni, a chinenero chimodzi ndi mfunda umodzi.

Pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 October 1992 ndilo linabweza moyo pamsewu. Mabasi a ku Harare ndi ku Joni anayamba kuchuluka, amayi a geni anayamba kupita kukaoda, ndipo tauni ya Mwanza inakula ndi malo ogona, osintha ndalama, akabaza ndi ogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu. Mu 2000 ntchito ya kasitomu inalowa m'manja mwa bungwe la MRA, ndipo pang'ono ndi pang'ono mabuku aakulu olembamo ndi dzanja analowedwa m'malo ndi makompyuta. Ulendo wa basi wochoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg uli ndi mawindo 6 odindirapo: Mwanza potuluka, Zobue polowa, Cuchamano potuluka, Nyamapanda polowa, ndi mbali ziwiri za Beitbridge. Ku Mozambique ndi ku Zimbabwe wapaulendoyo sakhalako, koma malamulo a pamsewu amamutenga ngati mlendo wolowa, ndipo masamba a pasipoti sachedwa kudzaza. Mmalawi safunika viza pa ulendo waufupi m'maiko awiriwa komanso ku South Africa. Ku South Africa amapatsidwa masiku 30, ndipo kuyambira 2014 wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa nthawi. Wa galimoto yake amasowanso chilolezo cholowetsera galimotoyo kwa kanthawi, ndi inshuwalansi yapadera ya ku Mozambique, poti dzikolo silili mu COMESA. Pobwerera ndiye pamakhala ntchito: katundu yense amatsitsidwa m'ngolo ya basi, aliyense n'kuima pafupi ndi zikwama zake, malisiti ali m'manja, wa kasitomu akuona ngati zimenezi n'zogwiritsa ntchito mwini kapena n'zamalonda. Mabulangete awiri ndi a pakhomo, koma 40 ndi sitolo.

Woyenda pa ndege anatengera mwambo wa ku Chinde. Akanyamuka pa Chileka, kapena pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi limene linatsegulidwa mu 1983, nthawi zambiri amasinthira ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku Addis Ababa. Ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi, sutikesi imalembedwa mzinda womalizira, ndipo iye amangotsata zikwangwani za odutsa, kupimidwanso ndi achitetezo, n'kukhala pansi kudikira; kasitomu amakakumana nayo kumene akupita. Zimasintha ngati anagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama. Pamenepo amayenera kulowa m'dziko, kudinditsa, kutenga katundu, kudutsa pa kasitomu, n'kukamuperekanso, ndipo maola awiri amene ankaoneka okwanira amatha ali pamzere. Zimasinthanso ngati ndege yachiwiri ndi ya m'dziko momwemo: wopita ku Cape Town kapena ku Durban amadinditsa ndi kuonetsa katundu ku OR Tambo, poti ndipo polowera. Ku United States lamuloli limagwira pafupifupi aliyense pa bwalo loyamba kutera, ngakhale wongodutsa. Britain imafuna viza kwa nzika za maiko ena ngakhale zisatuluke m'bwalo. Ndipo wokhala maola oposa 12 pa bwalo la dziko limene kuli matenda a yellow fever akhoza kufunsidwa kakhadi kachikasu ka katemera kumene akukafika. M'maganizo anga, wa pa basi wa pa Mwanza amazimvetsa msanga zimenezi kuposa wozolowera ndege, chifukwa iye malire aliwonse amawaponda ndi phazi.

Zaka zaposachedwa zawonjeza mitu yake. Mu 2016 anthu othawa ziwawa ku Tete anadzaza mudzi wa Kapise asanasamutsidwire ku Luwani. Mu 2017 inatsegulidwa mwalamulo njanji ya malasha yochokera ku Moatize, yodutsa m'maboma a Chikwawa, Mwanza, Neno ndi Balaka kupita ku Nacala, ndipo zinthu zinatembenuka: katundu wa Mozambique ndiye anakhala wodutsa m'Malawi. Mu 2020, Covid-19 itavuta, mabasi obweza Amalawi kuchokera ku South Africa ankaima pa Mwanza kudikira azaumoyo, ndipo pambali pa pasipoti panafunikanso chikalata cha kuchipatala.

Njira yatsopano imene maiko a m'chigawo chino akutsata ndi yophatikiza mawindo awiri pa denga limodzi, kuti wapaulendo aime kamodzi, adinditse kutuluka ndi kulowa, katundu wake aonedwe ndi maboma onse awiri nthawi imodzi. Inayambira pa Chirundu, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, mu December 2009. Malawi inatsegula chipata chake choyamba chotere pa Mchinji ndi Mwami mu December 2022, ndipo ku Dedza ndi ku Mwanza kwamangidwa nyumba zatsopano ndi cholinga chomwecho. Pa Mwanza pali vuto lake lakale: ofesi ya Malawi ndi ya Zobue zinatalikirana makilomita angapo, pakati pake pali midzi ndi minda, choncho kuti dongosololi ligwire bwino maboma awiriwa ayenera kumvana za komwe maofesala awo azikhala ndi za malamulo amene azigwira ntchito pamalopo. Zikatheka, wa basi ya ku Joni adzatsika kamodzi m'malo mwa kawiri asanafike ku Moatize, ngakhale kuti Cuchamano, Nyamapanda ndi Beitbridge adzakhala akumudikirabe kutsogolo.