Maphunziro a zolembalemba za Chingerezi ku yunivesite m'Malawi

Maphunziro a zolembalemba za Chingerezi ndi nthambi ya maphunziro a ku yunivesite imene wophunzira amawerenga, kusanthula ndiponso kulemba ndakatulo, masewero, nkhani zazifupi ndi nthano zazitali m'Chingerezi. Ana a sukulu za sekondale amangoti Literature. M'Malawi munthu amaphunzira zaka zinayi kuti alandire digiri yoyamba, ndipo kuyambira 1973 kuchimake kwa maphunzirowa ndi ku Chirunga mumzinda wa Zomba, pa sukulu imene kwa zaka zambiri inkadziwika kuti Chancellor College kapena Chanco. Ngakhale dzina likunena za Chingerezi, gawo lalikulu la zimene amawerenga kumeneko linalembedwa ndi anthu a mu Africa, ndipo zina zinachokera m'nthano ndi nyimbo za kumudzi.

Njira yochokera ku Machinga ndi Balaka

Boma la Balaka linali mbali ya Machinga mpaka 1998. Pa kalembera wa 2018, ku Machinga kunapezeka anthu oposa 735,000 ndipo ku Balaka oposa 438,000. M'maboma awiriwa mulibe yunivesite ya boma. Ku Liwonde kuli sukulu yophunzitsa aphunzitsi a pulayimale ya Machinga TTC, koma wofuna digiri ya zolembalemba ayenera kutuluka m'boma lake. Mwayi wake ndi wakuti Zomba ili pafupi: kuchokera pa Liwonde ndi makilomita pafupifupi 50 pa msewu wa M3, kudutsa pa Domasi pomwe pali koleji yophunzitsa aphunzitsi a sekondale.

Mtunda wautali kwenikweni ndi wa chilankhulo. Ana ambiri a ku Machinga ndi mbali zina za Balaka amakula akulankhula Chiyao pakhomo. Chichewa amachimva pamsika, pa wailesi ndi kusukulu, ndipo amene amapita ku madrasa amaphunzirakonso zilembo za Chiarabu. Chingerezi chimabwera ngati chilankhulo chachitatu, chimene mwana sachimva kawirikawiri kunja kwa kalasi. Komabe ndi chomwecho chimene chili ndi makiyi a khomo lililonse. Pa mayeso a MSCE wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza maphunziro ena onse, ndipo wofuna kulowa yunivesite ya boma ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi. Kusankha ophunzira kumadutsa ku bungwe la NCHE, ndipo osowa ndalama amapempha ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira a sukulu za ukachenjede.

Ambiri mwa ana a m'maboma amenewa amaphunzira m'masukulu a CDSS, omwe nthawi zambiri alibe laibulale yokwanira. Si zachilendo kupeza gulu la ana likudalira buku limodzi, kapena mwana akulemba mayeso atangowerenga manotsi a aphunzitsi osaliona buku lenilenilo. Mabuku amene akhala akuwerengedwa pa MSCE m'zaka zosiyanasiyana ndi monga Macbeth ndi Romeo and Juliet a William Shakespeare, The Pearl la John Steinbeck, ndi Smouldering Charcoal la Paul Tiyambe Zeleza. Wophunzira wotere akafika ku Chirunga amakhala m'kalasi imodzi ndi anzake ochokera m'masukulu olipira a ku Blantyre ndi Lilongwe amene akhala akulankhula Chingerezi kuyambira ali ku mkaka.

Chiyambi

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. M'zaka zoyambirira aphunzitsi ambiri a Chingerezi anali ochokera kunja, makamaka ku Britain, ndipo silabasi inkatsatira ya kwawoko. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko pamodzi ndi Chingerezi cha m'maofesi, ndipo zilankhulo zina monga Chitumbuka zinachotsedwa m'masukulu ndi pa wailesi.

Chaka chomwecho kunachitika zinthu ziwiri zimene zinakhudza phunziroli. Ku Nairobi, Ngugi wa Thiong'o, Taban lo Liyong ndi Henry Owuor-Anyumba analemba kalata yopempha kuti dipatimenti ya Chingerezi ithetsedwe ndipo m'malo mwake pakhale ya zolembalemba za mu Africa. Maganizo amenewo anafalikira m'mayunivesite ambiri a kuno. Ku Malawi, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo, limene linabala bungwe la Censorship Board. Bungweli linali ndi mphamvu yoletsa buku, sewero kapena nyimbo iliyonse, ndipo mabuku ambiri amene ophunzira a ku Kenya kapena Zambia ankawerenga momasuka analetsedwa kuno.

Gulu la alembi

Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena anayambitsa gulu lotchedwa Writers Group. Mwa oyambitsa ndi otsogolera ake m'zaka zoyambirira munali Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Felix Mnthali, Landeg White ndi David Kerr. Ankakumana sabata iliyonse madzulo. Wolemba ankabwera ndi ndakatulo kapena nkhani yake itachulukitsidwa pa makina, n'kuiwerenga mokweza, kenako anzake n'kuisenda mzere ndi mzere. Sizinali pa ndandanda wa maphunziro ndipo panalibe malikisi, koma alembi ambiri otchuka a Malawi anaphunzirira kulemba pamenepo koposa m'kalasi. Mu 1971 gululi linatulutsa kabuku ka ndakatulo kotchedwa Mau, ndipo pambuyo pake zolemba zawo zinkatuluka m'magazini a pasukulupo monga Odi ndi The Muse.

Aliyense ankadziwa kuti pakati pawo pakhoza kukhala kazitape. Choncho alembiwo anaphunzira kuphiphiritsa, ndipo zida zophiphiritsira anazitenga kumudzi. Nyimbo za pamtondo, miyambi ndi nthano za kalulu n'kale zimadzudzula mfumu kapena apongozi osawatchula dzina. Steve Chimombo, wobadwira ku Zomba mu 1945, anatenga Napolo, chinjoka chimene anthu amati chikamasamuka m'phiri chimagumula miyala ndi madzi monga zinachitikira ku Zomba mu Disembala 1946, n'kumusandutsa chifanizo cha mphamvu yosakaza imene palibe woiletsa. Sewero lake la The Rainmaker la mu 1978 likuchokera pa mbiri ya Mbona. Mapanje, yemwe anabadwira kwa Kadango ku Mangochi mu 1944 kwa makolo a Chiyao ndi Chinyanja, anagwiritsa ntchito birimankhwe ndi dzenje la Chingwe la pamwamba pa phiri la Zomba. Wowerenga wa ku London ankaona nthano za makolo, pomwe wa ku Zomba ankamva za Kamuzu Banda ndi omuzungulira.

Kuphiphiritsako sikunapulumutse onse. Chipasula anathawira ku Zambia mu 1973. Mnthali anatsekeredwa mu 1976 osazengedwa mlandu. Buku la Mapanje la Of Chameleons and Gods, limene kampani ya Heinemann inasindikiza mu 1981, linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu mu 1985. Pa 25 Seputembala 1987 apolisi anamumanga iye mwini ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, ndipo anakhala ku ndende ya Mikuyu, kufupi ndi Zomba, mpaka Meyi 1991 popanda mlandu uliwonse womuwerengera. Za m'ndendemo anazilemba m'buku la ndakatulo la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison la mu 1993 ndi m'mbiri ya moyo wake ya And Crocodiles Are Hungry at Night ya mu 2011.

Masewero nawo anali ndi njira yawo. Gulu la Travelling Theatre linkatenga zisudzo za ophunzira kupita nazo m'masukulu ndi m'maboma, ndipo James Gibbs anasonkhanitsa ena mwa masewero a nthawiyo m'buku la Nine Malawian Plays mu 1976. Sewero lililonse linkayenera kuyamba laonedwa ndi a Censorship Board.

Zimene amaphunzira

Mu 2021 makoleji a yunivesite yakale anagawidwa, ndipo Chancellor College ndi imene inatsala ndi dzina lakuti University of Malawi. Dipatimenti imene inkatchedwa ya Chingerezi tsopano imatchedwa Literary Studies. Ophunzira ake ambiri amakhala a digiri ya Bachelor of Arts kapena ya uphunzitsi. Phunziroli limapezekanso ku Mzuzu University, imene inalandira ophunzira oyamba mu 1999, ndi ku mayunivesite ena a mipingo monga Catholic University ya ku Nguludi imene inatsegulidwa mu 2006.

Chaka choyamba wophunzira amatenga maphunziro angapo nthawi imodzi, monga mbiri, filosofi kapena za zilankhulo, ndipo pa zolembalemba amayamba ndi zida zosanthulira: tsatanetsatane wa nkhani, ampangankhani, mfundo zazikulu, zifanifani ndi kamvekedwe ka ndakatulo. M'zaka zotsatira amalowa m'mabuku a ku Britain ndi America, a mu Africa monga a Chinua Achebe, Wole Soyinka ndi Bessie Head, a ku Caribbean, ndi a Amalawi monga David Rubadiri, Legson Kayira, Anthony Nazombe ndi Ken Lipenga. Palinso maphunziro a nzeru zounikira mabuku, monga kuona buku ndi diso la nkhani za utsamunda kapena za kusiyana kwa amuna ndi akazi, komanso a luso la kulemba, amene wophunzira amapereka ndakatulo kapena nkhani yakeyake.

Kusintha kwakukulu kuchoka ku sekondale n'kwakuti kuloweza sikuthandizanso. Funso la pa MSCE likhoza kufuna kuti mwana afotokoze zimene zinachitika m'nkhani, koma chimangirizo cha ku yunivesite chimafuna kuti wophunzira anene maganizo ake pa buku, awaikire umboni wochokera m'bukumo, ndi kutchula bwinobwino aliyense amene wabwereka mawu ake. Kukopera ntchito ya wina ndi mlandu umene ungachotsetse munthu sukulu.

Pa maphunziro a zolankhula za makolo zinthu zimatembenuka. Mapanje ndi White anatulutsa buku la Oral Poetry from Africa mu 1983, ndipo Chimombo analemba Malawian Oral Literature mu 1988, kusonyeza kuti nthano, zilapi ndi nyimbo zili ndi luso loyenera kusanthulidwa mofanana ndi Shakespeare. Apa wochokera kwa Kawinga kapena ku Ulongwe, amene anakula akumva nyimbo za jando, nsondo ndi manganje, amadziwa zimene mnzake wokulira m'tauni amangoziwerenga m'buku. Vuto lake limakhala lina: kumasulira nyimbo ya Chiyao m'Chingerezi osaipha, ndiponso kudziwa zimene mwambo sulola kuti zituluke kusimba.

Mkangano wa chilankhulo

Funso lakuti mlembi wa mu Africa alembe m'chilankhulo chiti silinathe. Achebe ankati Chingerezi chingapindidwe mpaka chinyamule katundu wa mu Africa, pomwe Ngugi m'buku la Decolonising the Mind la mu 1986 anati wolemba m'chilankhulo cha atsamunda amasiya anthu ake. Ku Malawi mkanganowu uli ndi mbali yachitatu, chifukwa kwa Myao kapena Mlomwe kusiya Chingerezi n'kulemba m'Chichewa si kubwerera ku chilankhulo cha amayi ake. Mabuku a nthano ndi ndakatulo osindikizidwa m'Chiyao ndi ochepa kwambiri. Chichewa ndi zilankhulo zina za kuno zimaphunzitsidwa m'dipatimenti ina.

Kusindikiza ndi ntchito

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mabuku ambiri a alembi a ku Chanco ankatuluka kudzera ku Popular Publications ya ku Limbe. Chiyambire ufulu wa zipani zambiri mu 1994 mlembi samangidwanso kamba ka ndakatulo, koma osindikiza ambiri amakonda mabuku a pa silabasi chifukwa ndiwo amagulidwa. Ku Balaka kuli Montfort Media ya ansembe a Chikatolika a chipani cha Montfort, imene imasindikiza mabuku ndi magazini monga The Lamp ndi Together. Alembi ongoyamba amatumizanso nkhani zazifupi ku nyuzipepala za kumapeto kwa sabata ndi ku mipikisano ya bungwe la Malawi Writers Union.

Ndi ochepa amene amadya kuchokera m'mabuku awo. Omaliza maphunzirowa ambiri amakhala aphunzitsi a sekondale, atolankhani, akonzi a mabuku, omasulira, kapena ofalitsa nkhani m'boma ndi m'mabungwe. Zeleza, yemwe anamaliza ku Chanco mu 1976, anakhala katswiri wa mbiri ndi mkulu wa yunivesite ku Nairobi, pomwe Lipenga anakhala mkonzi wa nyuzipepala ndipo kenako nduna ya boma. Digiriyi siyofunikanso kuti munthu akhale mlembi: Stanley Onjezani Kenani, amene nkhani zake zinafika mu ndime yomaliza ya mphoto ya Caine mu 2008 ndi 2012, anaphunzira za akaunti.