BWEZANI NDI CHISANKHO CHA 1994, MONGA TINAZIONERA KU GOLOMOTI

Mu Disembala 1993 ndinali kwathu ku Golomoti, ndipo nkhondo imene ndikufuna kukambayi sindinaione ndi maso. Ndinaimva pa wailesi, ndipo ndinaiwerenga pankhope ya azakhali anga amene mwana wao, msuweni wanga, anali mpayoniya. Ena adzati kunali kuomberana chabe kwa masiku ochepa, osati nkhondo yapachiweniweni. Sinditsutsa. Koma Amalawi onyamula mfuti anaombera Amalawi anzao onyamula mfuti, anthu anafa, ndipo patangopita miyezi isanu dziko linasankha Pulezidenti. Funso langa ndi lakuti: kodi ziwirizi zinalumikizana bwanji?

Tiyambe ndi m'mene zinthu zinaliri. Pa 14 Juni 1993 anthu 63 mwa 100 alionse anasankha nyali, kukana ulamuliro wa chipani chimodzi. Koma nyaliyo inayaka mfuti zikadali m'manja mwa Apayoniya, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1963 ndipo linkamvera Dr. Banda ndi chipani cha Kongeresi, osati akuluakulu a asilikali. Boma linalonjeza kuwalanda zida, koma linkangokokakoka. Mu Okutobala Dr. Banda anakachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg, dziko nkutsala m'manja mwa anthu atatu: a Gwanda Chakuamba, a John Tembo a konkuno ku Dedza, ndi a Robson Chirwa. Tsono munthu wa kumudzi ankadzifunsa kuti, tikavotera wina, mwini mfutiyu adzavomera?

Yankho linachokera ku Mzuzu. Pa 1 Disembala Apayoniya anaombera ndi kupha asilikali awiri a ku Moyale atakangana pamalo omwera mowa. Pa 3 Disembala asilikali anathira nkhondo likulu la Apayoniya ku Lilongwe ndi misasa yao ina, pantchito imene anaitcha Bwezani. Pasanathe sabata gulu lija linali litabalalika, ndipo pafupifupi 2,000 anathawira ku Mozambique. Kwa ife a kunsi kwa phiri, Mozambique si kutali: ukakwera chitunda cha Khwekhwelere nkutulukira pa mseu wa Lilongwe, tsidya linalo ndi Angonia. Zaka zonse za nkhondo ya Frelimo ndi Renamo anthu ankathawa kuchokera uko kubwera kuno. Tsopano njira yomweyo inaona mapazi olozera kwina. Msuweni wanga anali m'gulu la othawawo.

Amene munawerenga mbiri ya America mukukumbukira chaka cha 1864. Mu Ogasiti Abraham Lincoln mwini wake ankayembekeza kugonja pachisankho, chifukwa anthu anali atatopa ndi nkhondo yosatha. Pa 2 Seputembala asilikali a Sherman analanda mzinda wa Atlanta, mitima ya ovota inatembenuka, ndipo pa 8 Novembala Lincoln anagonjetsa McClellan m'zigawo 22 mwa 25. Kumeneko nkhondo inapatsa wolamulira mavoti.

Nkosavuta kunena kuti Bwezani anachita zomwezo chozondoka, kuti anachotsera Dr. Banda mavoti nkupatsa a Bakili Muluzi. Ine sindikhulupirira choncho, ndipo umboni wanga ndi kwathu komweku. Pa 17 Meyi 1994 a Muluzi anapeza mavoti 47 mwa 100 alionse, Dr. Banda 33, a Chakufwa Chihana 19. Chigawo cha Pakati, Dedza ali momwemo, chinavotera tambala wakuda monga chinachitira pa riferendamu. Kumwera ndi Kumpoto nakonso kunangotsata mapazi ake a mu Juni. Mfuti za mu Disembala sizinasunthe mapu a mavoti.

Chimene zinasuntha ndi mantha, ndiponso chiyembekezo cha wogonja. Dr. Banda atabwerera pampando mu Disembala momwemo, anapeza kuti ndodo imene chipani chinkadalira yathyoka. Otsutsa anatha kuchititsa misonkhano ngakhale m'madera a Kongeresi. Ndipo zotsatira zitayamba kumveka, panalibenso gulu la zida loti nkuzikana, Dr. Banda anavomera pa wailesi kuti wagonja. Palinso china chimene timachiiwala: asilikali atapambana, boma liri lofooka chotero, sanalande ulamuliro monga anzao a m'maiko ena a mu Africa muno. Anabwerera kumisasa kukadikira chisankho. Bwezani sanasankhe wopambana, koma anachititsa kuti wosankhidwayo akhaledi pampando.

Madzulo a tsiku lovota ndinapeza azakhali akupeta mapira pakhonde.

"Azakhali, mwavotera yani?" ndinafunsa mwachibwana.

"Tambala, mwanawe. Nanga ndikanavotera amene akukondwera kuti mwana wanga akugona kutchire?"

"Nanga akapambana enawo?"

"Apambane. Bola amuuze abwere, adzalime thonje."

Mau amenewa anandiphunzitsa zimene manambala sanena. Kwa ambiri Bwezani anali chimasuko, ndipo anali ndi zifukwa zomveka, pakuti makhadi a chipani pamisika ndi pokwerera mabasi anali atasautsa anthu kwa zaka zambiri. Koma m'midzi ya ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka munalinso makolo amene ana ao analowa upayoniya pofuna ntchito ndi maphunziro a ulimi, ndipo kwa iwo Disembala uja unali ngati maliro opanda mtembo.

Msuweni wanga anabwera chisankho chitapita, ataonda, atavala malaya obwereka. Palibe anamfunsa za mfuti. Amai ake anamphikira nsima ya usipa, ndipo m'mawa mwake anampatsa khasu.