Munthu wa pa mikisa: momwe ntchito yokonza mawu inakulira ku Dublin

Pa 7 November 1963, gulu la The Beatles linaimba m'holo ya kanema ya Adelphi mumzinda wa Dublin. Mfuu wa achinyamata unaposa mphamvu ya zida zomwe zinalipo, moti ambiri anangowaona oimbawo, nyimbo osazimva bwino. Masiku amenewo zokuzira mawu zinali zazing'ono. Magulu a showband, omwe ankazungulira m'maholo ovinira m'dziko lonse la Ireland, ankanyamula zida zawo pagalimoto n'kumakazitchera okha.

Zinthu zinasintha zoimbaimba zitalowa m'mabwalo a mpira. Thin Lizzy inaimba pa Dalymount Park mu 1977, Bob Marley n'kudzaimbanso pomwepo mu July 1980. Pabwalo mphepo imamwaza mawu, makoma n'kumawabweza mochedwa. Panafunika munthu wokhala pakati pa khamu, mikisa ili patsogolo pake, akumva zomwe anthu akumva. Winanso pambali pa nsanja woonetsetsa kuti oimba akudzimva.

Sukulu yake kunalibe. Mnyamata ankayamba ndi kusenza masipika ndi kukulunga mawaya, maso ali pa manja a mkulu wake. Joe O'Herlihy wa ku Cork, yemwe anagwirapo ntchito ndi Rory Gallagher, anakumana ndi anyamata anayi a ku Dublin ku Arcadia Ballroom mu 1978. Anyamatawo anali U2, ndipo anayenda nawo zaka zoposa 40. Dzina lake ndimalilemekeza, chifukwa ngakhale kwathu kuno zoimbaimba zikakoma timatama woimba, wa pa mikisa timamukumbukira pokhapokha maikolofoni ikalira.

Maphunziro a m'kalasi anabwera pambuyo. Sound Training Centre inayamba mu 1986 ndipo inakhazikika m'dera la Temple Bar, kufupi ndi holo yomwe lero imatchedwa Button Factory, komwe wophunzira amatha kuyesa dzanja lake pa oimba enieni. Pulse College inayamba mu 1990, ndipo mu 2009 inatenga situdiyo ya Windmill Lane, dzina lomwe linatchuka ndi zimbale zoyambirira za U2.

Zomwe amaphunzira kumeneko si zongotembenuza mabatani. Maikolofoni ikatola mawu otuluka mu sipika n'kuwabwezera komweko, pamabuka kulira koboola makutu kuja. Wodziwa ntchito amazindikira ndi khutu gawo la mawu lomwe likulira, n'kutsitsa lokhalo, osazimitsa woimba. Palinso masamu. Mawu amayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, choncho masipika oikidwa mamita 100 kuchokera pansanja amayenera kuchedwetsedwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Kupanda apo, okhala kumbuyo amamva ng'oma imodzi kawiri.

Mzinda wa Dublin unakulira limodzi ndi ntchitoyi. Point Depot, yomwe kale inali malo osungira katundu wa sitima zapamtunda, inatsegulidwa ngati holo mu 1988, ndipo lero ndi 3Arena. M'zaka za m'ma 1990 kunabwera masipika opachikidwa mondondozana, otumiza mawu kutali mofanana, kenako mamikisa a digito osunga makonzedwe a nyimbo iliyonse. Mu 2023, U2 itatsegulira holo ya Sphere ku Las Vegas, pa mikisa panali O'Herlihy yemwe uja.